Gitala ya resonator yotsika mtengo: momwe ntchito ikuyendera

Kumayambiriro kwa Febuluwale: kusankha

Ndatsimikiza mtima kuti ndigula gitala ya resonator, ndipo ikhala ya mtengo wotsika. Chomwe ndikufuna ndi kuphunzira kuimba ndi silaidi, kachubu kovala pachala kotsetsereka pa nsambo, pa gitala yomwe mawu ake amagwirizana ndi kaimbidwe kameneko. Ndizilemba pano chilichonse chomwe ndasintha ndi zomwe zatsatirapo, chifukwa chida ichi chili ndi tizigawo tambiri ndipo kalikonse kamakhudza mawu. Ukasintha zinthu ziwiri tsiku limodzi sudziwa kuti chathandiza ndi chiti.

Kwa inu amene simunaigwirepo, kusiyana kwake ndi uku. Pa gitala wamba nsambo zimanjenjemeretsa thabwa lakutsogolo, thabwalo n'kutulutsa mawu. Pa resonator thupi limangothandizira. Ntchito yaikulu ili pa koni, mbale ya aluminiyamu yopyapyala kwambiri, yosafika n'theka lomwe la milimita, yomwe imakhala mkati, pansi pa chivundikiro chachitsulo chobooledwa. Nsambo zimatsamira pa biriji, kachigawo kozinyamula pathupi la gitala, biriji imatsamira pa koni, ndipo koni imakankha mpweya momwe imachitira sipika, kungoti popanda magetsi.

Zinayambira ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1920. George Beauchamp, yemwe ankaimba gitala ya chi-Hawaii, ankafuna gitala yoti izimveka pakati pa malipenga ndi zoimbira zina zaphokoso, nthawi imeneyo gitala yamagetsi kulibe. John Dopyera, mmisiri wochokera kudera lomwe lero ndi Slovakia, ndi amene anapeza njira ya koni, ndipo mu 1927 kampani ya National inayamba kugulitsa gitala ya makoni atatu aang'ono, iliyonse ya mainchi 6, olumikizidwa ndi biriji yooneka ngati chilembo T. Posakhalitsa Dopyera anachoka n'kuyambitsa kampani ya Dobro pamodzi ndi abale ake. Beauchamp naye anapita kukagwira ntchito ndi Adolph Rickenbacker pa gitala yamagetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo pomwepo vuto la kuchepa kwa mawu linatha mwa njira ina. Resonator inatsala chifukwa anthu anali atakonda kale mtundu wa mawu ake.

Mbiri imeneyi ili ndi mfundo imodzi yomwe yandilimbitsa mtima. Oimba blues ambiri omwe timawatchula tikamakamba za gitala iyi sankaimba zodula. Tampa Red anali ndi ya makoni atatu yokutidwa ndi golide, inde, koma Bukka White ndi Blind Boy Fuller amadziwika ndi Duolian, yomwe inali m'gulu la zotsika mtengo kwambiri za National, ya thupi la steel ndi koni imodzi. Mawu omwe ndikuwafunawo anachokera pa gitala yomwe munthu wamba akanakwanitsa kugula.

Zosankha zenizeni ndi zitatu. Choyamba ndi khosi. Ya khosi la ngodya zinayi imaimbidwa itagonekedwa pamiyendo, nsambo zili pamwamba kwambiri moti sungazidinikize pa mafreti, timawaya topingasa pakhosi la gitala, ndipo ndi yomwe Josh Graves anailowetsa mu nyimbo za ku America zotchedwa bluegrass atalowa gulu la Flatt ndi Scruggs mu 1955, yomwenso Jerry Douglas amaimba. Ine ndikufuna kumadinikiza manotsi ndi zala komanso kugwiritsa ntchito silaidi m'nyimbo imodzi, choncho ya khosi lozungulira. Chachiwiri ndi biriji. Ya biscuit ili ndi koni ya mainchi 9.5 yomwe nsonga yake imaloza kumwamba, ndipo pansonga pali kathabwa kozungulira, biscuit yeniyeniyo, konyamula saddle, kathabwa kopyapyala komwe nsambo zimakhalapo. Mawu ake amatuluka mwamphamvu nthawi yomweyo n'kuzilala msanga. Ya spider ili ndi koni ya mainchi 10.5 yotembenuzidwa, ndipo pamwamba pake pamakhala chitsulo cha miyendo 8 cholumikizidwa ndi koni kudzera mu screw yapakati. Mawu ake amakhalitsa ndipo amamveka am'mphuno pang'ono. Wofuna kumva kusiyanaku ndi khutu lake angayerekeze Honey Dipper ndi Boxcar, magitala a kampani ya Gretsch: yoyamba ndi ya brass ndi biscuit, yachiwiri ndi ya thabwa ndi spider. Ine khutu langa likutsata biscuit. Chachitatu ndi thupi, ndipo ndasankha lachitsulo.

Pakati pa Febuluwale: yafika

Ndagula ya kampani yaing'ono yosatchuka, yopangidwa ku China monga zilili zambiri zotsika mtengo. Thupi la brass lokutidwa ndi nickel, koni imodzi, biscuit, khosi lolumikizana ndi thupi pa freti ya 14. Ndinakonda ya 14 kusiyana ndi ya 12 chifukwa poimba ndi silaidi dzanja limakhala pa freti ya 12 kawirikawiri, ndipo ndi bwino likhale ndi malo oimapo lisanagunde thupi.

Choyamba kumva ndi kulemera. Ili pafupifupi makilogalamu 4, kuwirikiza kawiri gitala wamba, ndipo chitsulo chosalalacho chimatsetsereka pantchafu. Ndaika lamba lalikulu m'lifupi ndipo ndikulivala ngakhale nditakhala pansi.

Ndaiyendera yonse ndisanakhudze kalikonse. Khosi ndi loongoka, silinapotoke. Ndinaika capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi, pa freti yoyamba, n'kudinikiza nsambo yokhuthala pomwe khosi likumana ndi thupi, ndipo mpata wotsala pa freti ya 7 ndi wochepa ngati kukhuthala kwa kakhadi kopyapyala, momwe uyenera kukhalira. Choncho truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chowongolera kapindikidwe kake, sindiikhudza. Mafreti ndi ofanana msinkhu, koma nsonga zake zina zikukanda chikhatho. Nut, kachidutswa ka kumutu komwe nsambo zimadutsapo, ndi ya pulasitiki, ndipo mizere yake ndi yosazama mokwanira, zomwe zikuchititsa kuti manotsi a pa freti yoyamba ndi yachiwiri azikwera pang'ono ukadinikiza. Zochunira zikugwira, sizikubwerera m'mbuyo.

Nanga mawu? Ndi aakulu, pamenepo palibe chokayikitsa. Ukailiza m'chipinda chaching'ono imadzaza ponseponse. Koma ndi owonda, nsambo zokhuthala zikumveka ngati zafinyika, ndipo pa manotsi ena apansi pali kaphokoso kachitsulo kotsatira noti iliyonse. Nsambo zomwe yabwera nazo ndi zopepuka, kukhuthala kwake kuyambira 12 pa yopyapyala mpaka 53 pa yokhuthala.

Anthu ambiri amati ukangogula resonator yotsika mtengo, chotsa koni n'kuikamo ya Quarterman, ya Beard kapena ya National Reso-Phonic. Sindikutsutsa kuti makoni amenewo ndi abwino. Koma sindichita zimenezo panopa. Maganizo anga ndi akuti fakitale ikafuna kutsitsa mtengo, chomwe imachepetsa kwambiri ndi nthawi ya mmisiri wokhazika tizigawo bwinobwino. Koni yodula ikakhala pamalo opendekeka, iliranso moipa. Ndiyambira pa kakhazikidwe.

Kumapeto kwa Febuluwale: kusaka kaphokoso

Kaphokoso pa resonator kamanyenga khutu. Thupi lonse ndi chitsulo, ndiye chilichonse chogwedera chimamveka ngati chikuchokera mkati mwa koni. Njira yomwe yandithandiza ndi yophweka. Ndinapeza noti yomwe kaphokosoko kamamveka kwambiri, yomwe ndi G pa nsambo yachisanu ndi chimodzi, n'kumailiza mobwerezabwereza ndi chala chachikulu, uku dzanja lamanzere likugwira malo amodziamodzi. Chikagwidwa choyambitsa, phokoso limasiya.

Ndinayambira kumutu. Zochunira, zii, sizinasinthe kanthu. Kachivundikiro ka truss rod, chimodzimodzi. Nsonga za nsambo zotsala pa zochunira ndinazidula, koma kaphokoso kanalipobe. Ndinatsikira pa chivundikiro cha koni, n'kumadinikiza pafupi ndi screw iliyonse. Pa imodzi yakumunsi phokoso linachepa. Inali yomasuka pang'ono, ndipo ndinaimanga mpaka inagwira, osapitirira, chifukwa chitsulo cha pamenepo ndi chopyapyala ndipo mazinga ake sachedwa kutha.

Lotsalalo linali pa tailpiece, kachitsulo komwe nsambo zimakoledwa kumunsi kwa thupi. Nditaika chala pansonga pake phokoso linatheratu, nditachotsa linabwerera. Poyang'ana m'mbali ndi tochi ndinaona kuti nsonga ya tailpiece yangotsala pang'onong'ono kukhudza chivundikiro, mpata woti pepala lingalowe movutikira. Nsambo ikanjenjemera, zitsulo ziwirizo zimamenyana. Ndinamasula nsambo pang'ono n'kulowetsa kachidutswa ka chikopa chofewa pakati pake. Kansalu ka felt kangagwirenso ntchito yomweyo. Pano noti ya G ikutuluka yoyera mpaka itazilala.

Ndakondwa nazo kwambiri, chifukwa munthu akanamva phokoso lija m'sitolo akanati gitalayo ndi yowonongeka, pomwe ndi screw imodzi ndi kachikopa kosafika kukula kwa chikhadabo.

Malichi: kutsegula mkati

Iyi ndi ntchito yomwe ndimaiyembekezera kwambiri, ndipo ndiifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi pomwe munthu angawononge chinthu mosavuta.

Pa gitala ya biscuit koni sinamatidwe kapena kumangidwa. Imangokhala pa kashelefu kozungulira mkati mwa thupi, ndipo chomwe chimaigwira ndi mphamvu ya nsambo basi. N'chifukwa chake posintha nsambo masiku onse ndi bwino kusintha imodziimodzi. Ukachotsa zonse koni imatha kusuntha kapena kuzungulira, ndipo saddle imachoka pamzere wake. Ulendo uno ndimafuna kufika pa koni, ndiye zonse zinayenera kuchoka. Ndinamasula pang'onopang'ono, nsambo zam'mbali ndi zapakati mosinthanasinthana, kuti kulemera kusatsalire mbali imodzi.

Nditachotsa chivundikiro, ndisananyamule koni, ndinalemba kachizindikiro ka pensulo m'mphepete mwa koni ndi pa shelefu, kuti pobwezera zikumane pomwe zinali. Ponyamula ndinagwira biscuit, osati mbaleyo. Ndi yopepuka modabwitsa, ndipo chala chikangodinikiza pang'ono pamatsala chizindikiro chomwe sichichoka.

Koniyo ndi yopangidwa pozunguza pa makina, osati yodindidwa. Zikuoneka ndi timizere tating'ono tozungulira pankhope yake yonse. Ndinaikoleka pachala n'kuigogoda pang'ono ndi chikhadabo m'mphepete. Koni yakufa imalira ngati chivundikiro cha poto, phaa, basi zatha. Iyi inalira ngwee, mawuwo n'kupitirira kwa kanthawi. Pamenepo ndinadziwa kuti mbaleyo ndi yabwino ndithu ndipo vuto lili kwina.

Vuto linali pa shelefu. Nditayendetsa chala mozungulira ndinapeza kabumpu ka solder kouma mbali yakukhosi, pomwe zitsulo zinalumikizidwa, komanso tizinyenyeswa ta mankhwala opukutira chitsulo tomwe tinatsalira kufakitale. Nditabwezera koni popanda nsambo n'kudinikiza mbali imodzi ya biscuit mopepuka, inkapendama n'kumagogoda. Mphepete mwa koni muyenera kukhudza shelefu ponseponse mofanana. Mbali ina ikalendewera, koni siingakankhe mpweya ndi thupi lake lonse, ndipo zoyamba kuvutika ndi nsambo zokhuthala. Ndinapala kabumpuko ndi sandpaper yosalala yomata pa kathabwa, pang'onopang'ono, ndikuyesa koni pafupipafupi, mpaka inakhala phee osagwedera. Kenako ndinapukuta fumbi lonse ndi nsalu.

Biscuit inamangidwa pa koni ndi ka screw kamodzi kochokera pansi. Kanali kogwira bwino, ndinakasiya. Saddle ndi ya mtengo wa maple, koma inali yomasuka mu mzere wake moti ndinaizula ndi zala ziwiri popanda kukoka, ndipo pansi pake sipanali posalala. Apa ndi pomwe kunjenjemera kwa nsambo kumadutsa kupita ku koni, ndiye mpata uliwonse ukudya mawu. Ndinasema ina kuchokera ku kachidutswa ka maple kokhuthala pang'ono, n'kuipala mpaka inalowa mothina, yofuna kukankhidwa ndi chala chachikulu kuti ifike pansi. Mizere ya nsambo ndinaidula yosazama, yongokwana theka la nsambo, yotsetserekera ku tailpiece kuti nsambo izinyamukira pamphepete yakutsogolo.

Ndili mkatimo ndinayang'ananso mtengo wautali womwe umachokera kukhosi n'kudutsa mkati mwa thupi mpaka kumunsi. Pansi pake pali timizati tathabwa totsamira kumsana kwa gitala. Tonse tinali tolimba. Timeneti ndi tomwe timasunga kapendekedwe ka khosi, ndipo sindikufuna kutisuntha popanda chifukwa.

Nditamanga zonse n'kuchuna, kusintha kunamveka pa noti yoyamba. Nsambo zokhuthala zatseguka, zili ndi thupi. Kuwonda kuja kwachepa kwambiri. Ndipo nsambo ndi zakale zomwe zija, ndinazibwezera dala kuti ndidziwe kuti chasintha mawu ndi shelefu ndi saddle.

Kumapeto kwa Malichi: nsambo, msinkhu wake ndi kachunidwe

Ndaika nsambo za phosphor bronze za 13 mpaka 56, koma yoyamba ndaisinthanitsa ndi ya 15. Chifukwa chake chili mu kachunidwe. Ndikuyambira pa open G, kachunidwe komwe nsambo zonse zikalizidwa osadinikiza zimapereka kodi ya G, kuchokera ku nsambo yokhuthala: D G D G B D. Kuchokera pa kachunidwe ka masiku onse, nsambo yachisanu ndi chimodzi imatsika kuchoka pa E kufika pa D, yachisanu kuchoka pa A kufika pa G, ndipo yoyamba kuchoka pa E kufika pa D. Zonse ndi zotsitsa, ndiye nsambo zimafooka. Yoyamba ikakhala yopyapyala komanso yofooka, kulemera kwa silaidi kumaigwetsera pa mafreti n'kumagogoda. Komanso koni imafuna kupanikizidwa mokwanira kuti iyankhe bwino. Ikapanikizidwa mopitirira imatsamwa, mwinanso kuphwanyika, ndiye sindipita pa nsambo zolemera kuposa izi.

Pa chifukwa chomwecho sindichuna G B D G B D, kachunidwe ka oimba bluegrass pa gitala ya khosi la ngodya zinayi. Kameneko kamakweza nsambo yachisanu ndi chimodzi kuchoka pa E kufika pa G ndi yachisanu kuchoka pa A kufika pa B, katundu yemwe khosi lozungulira silinapangidwire. Ndikafuna open A kapena open E ndiziika capo pa freti yachiwiri ndili mu open G kapena open D.

Msinkhu wa nsambo ndauika pafupifupi mamilimita 3 pa freti ya 12 kumbali yokhuthala, ndi kuchepera pang'ono kumbali yopyapyala. Ndi pamwamba poyerekeza ndi gitala wamba, koma zala zikudinikizabe popanda kuvutika kwambiri, ndipo silaidi ili ndi malo oyendamo. Nut ya pulasitiki ndaichotsa n'kuika ya fupa, mizere yake ndaizamitsa mpaka manotsi a pa mafreti oyamba asiya kukwera. Nsonga za mafreti zokanda zija ndazipala.

Chimodzi chomwe sichitheka kuchikonza kotheratu ndi kulondola kwa manotsi kumtunda kwa khosi. Saddle ya biscuit ndi mzere umodzi woongoka, pomwe nsambo iliyonse imafuna utali wakewake. Ndikayerekeza harmonic ya pa freti ya 12, yomwe imatuluka ukangokhudza nsambo osadinikiza, ndi noti yodinikiza pamalo omwewo, nsambo zokhuthala zikukwera pang'ono. Ndinazunguza koni pang'onong'ono kuti mbali yokhuthala ya saddle ibwerere chakumunsi, ndipo zathandiza. Nsambo ya B ikadakwerabe, ndipo ndazivomera. Ndi silaidi noti imakhala pomwe khutu lanena, ndipo zodinikiza ndi zala zambiri ndimazichita pansi pa freti ya 7.

Epulo: silaidi

Gitala tsopano ili bwino, ntchito yasamukira m'manja mwanga.

Ndayesa silaidi ya galasi ndi ya brass. Ya galasi yokhuthala ikupereka mawu osalala, ya brass ikupereka aukali ndi kukanda pang'ono pa nsambo zokulungidwa. Pa thupi lachitsulo ili ndakonda galasi, chifukwa gitalayo ili kale ndi ukali wokwanira. Chofunika ndi kulemera: silaidi yopepuka imafuna kuti uzidinikiza, ndipo ukadinikiza noti imakwera, pomwe yolemera imadzigwirira yokha ntchito. Ndikuivala pa kachala kakang'ono kakumapeto kuti zala zitatu zitsale zodinikizira manotsi.

Silaidi imaima pamwamba penipeni pa waya wa freti, osati kumbuyo kwake momwe chimakhalira chala. Dzanja lomwe lazolowera gitala wamba limaima msanga, noti n'kukhala yotsika. Ndikuchita masewero amodzi tsiku lililonse: ndimayamba ndi kuliza noti yodinikiza ndi chala, kenako noti yomweyo ndi silaidi, ndikumvetsera ngati zikufanana, kuyambira freti yachiwiri mpaka ya 12 pa nsambo yoyamba. Mu open G, silaidi ikagona pa nsambo zonse pa freti ya 5 ikupereka C, pa 7 ikupereka D, pa 12 ikubwerera pa G. Ndi malo atatu amenewa munthu akhoza kuimba blues yonse, koma silaidi iyenera kugona mofanana ndi freti. Ikapendama pang'ono, nsambo zam'mwamba ndi zam'munsi zimasemphana ndipo khutu limamva nthawi yomweyo.

Chomwe chikunditengera nthawi yambiri ndi kutontholetsa nsambo zosafunika, ndipo ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona kaimbidwe konse ka chida ichi. Resonator imakweza chilichonse. Chikhadabo chikakhudza chivundikiro, zimamveka. Silaidi ikamayenda, gawo la nsambo lomwe lili kumbuyo kwake, chakumutu, nalonso limalira noti yake, yotsika pomwe yeniyeniyo ikukwera. Pa gitala ya thabwa kaphokosoko kamabisika, koma pano kali poyera. Mankhwala ake ndi kugoneka chala cholozera mopepuka pa nsambo kumbuyo kwa silaidi n'kumayenda nacho limodzi. Kudzanja lamanja, chala chilichonse chikaliza nsambo yake chimabwerera kukaigwira noti ikatha, ndipo chala chachikulu chimagona pa nsambo zokhuthala zomwe sizikuimba. Ndikachita bwino, noti imodzi imatuluka yokha, yoyera, ndipo ndi pomwe gitalayi imakoma zedi. Ndikalephera, nsambo zonse 6 zimalirira limodzi.

Chivundikiro chili ndi kachitsulo kodutsa pamwamba pa saddle koteteza koni kuti dzanja lisaiphwanye. Kakulepheretsa chikhatho kufika pa nsambo pafupi ndi saddle, pomwe ndinazolowera kufinyira mawu a bass. Sindikachotsa, chifukwa pa gitala iyi kanalumikizidwa ndi chivundikiro ndipo kali ndi ntchito yake. M'malo mwake ndasunthira dzanja kutsogolo pang'ono, m'mphepete mwa chikhatho mukukhudza nsambo kutsogolo kwa kachitsuloko. Mawu a bass akutuluka afupi ndi ogunda, omwe akugwirizana ndi biscuit.

Ndayambanso kuvala thumbpick ya pulasitiki ndi ma fingerpick awiri achitsulo, zolizira nsambo zovala pa chala chachikulu ndi zala zina ziwiri. Poyamba zala zimakhala ngati si zako, ndipo ma pick amakola nsambo zolakwika. Koma koni imadzuka mwanjira ina ikamenyedwa ndi chinthu cholimba, ndipo kusiyana pakati pa kuliza mofatsa ndi kuliza mwamphamvu kumakula kwambiri. Ndi zala zokha mawu ndi ofunda, abwino poimba wekha usiku. Ndikusinthanasinthana, sindinasankhe mbali.

Pali noti imodzi yomwe yandigwira mtima. Pa nsambo yachitatu, chakumtunda pang'ono kwa freti yachitatu koma osafika yachinayi, pali mawu omwe palibe freti yake, pakati pa B flat ndi B. Ukamvetsera woimba blues Son House umawapeza ponseponse. Ndikafikapo pang'onopang'ono kuchokera pansi, n'kugwedeza silaidi chakumbuyo kwa noti ndi kubwerera, osapitirira pamwamba pake, bass ya G ikugunda pansi, ndimamva chomwe ndinagulira gitalayi. Kugwedeza kwangaku, vibrato, ikadali yothamanga ndi yopapatiza. Imakhala bwino ndikamasula chala chachikulu kumbuyo kwa khosi n'kulola kuti kugwedezako kuchokere kumkono wonse.

Kumapeto kwa Epulo: pomwe ndafika

Ndalowa mu open D, D A D F# A D. Ubwino wake ndi woti nsambo yoyamba ili pa noti yamaziko, ndiye nyimbo yonse ikhoza kuyenda pa nsambo imodzi, chala chachikulu chikusinthana pakati pa yachisanu ndi chimodzi ndi yachinayi. Chovuta ndi kuti chala chachikulu chisaime silaidi ikamayenda. Ndikuchita izi ndi metronome, kachipangizo kogunda nthawi, pa liwiro lotsika kwambiri, bass yokha kaye, kenako noti imodzi ya silaidi pa kugunda koyamba, kenako ziwiri.

Ndayamba kudzijambula mawu, chifukwa woimba resonator samva zomwe omvera akumva. Mawu amapita kutsogolo, ndipo wokhala kumbuyo kwa gitala amamva ochepa. Maikolofoni ikaloza pakati pa koni mawu amakhala olasa. Ndapeza malo abwino pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa gitala, moloza pakati pa chivundikiro ndi mabowo ooneka ngati chilembo f omwe ali chakukhosi, komwe kumatulukira mawu akuya. Zojambulazo zikuonetsa kuti manotsi anga a pa freti ya 12 akulondola, koma a pa 5 ndi 7 amatsika ndikamachokera kumtunda, ndiye masewero a sabata zikubwerazi alunjika pamenepo.

Ma screw a chivundikiro ndikuwayendera nthawi ndi nthawi, chifukwa kunjenjemera kumawamasula. Nickel imadetsedwa ndi thukuta, makamaka pomwe pamagona mkono, ndiye ndikupukuta ndi nsalu youma ndikamaliza kuimba.

Nkhani ya koni yatsopano ndaibwereranso tsopano, shelefu ndi saddle zili bwino. Ndaitanitsa imodzi ya mainchi 9.5, nditayeza shelefu kuti nditsimikize kuti ilowa, komanso msinkhu wa yakaleyo, chifukwa koni yatsopano ikakhala yotalika kapena yofupika, nsambo zikwera kapena kutsika ndipo saddle ifunika kusemedwanso. Isanafike ndijambula nyimbo ziwiri, ina mu open G ndi ma pick, ina mu open D ndi zala zokha, ndi nsambo zatsopano, maikolofoni ili pamalo omwe ndalemba chizindikiro pansi. Ikafika ndiiika ndi biscuit yomweyi, ndiisiya ikhazikike pansi pa nsambo kwa kanthawi, kenako ndijambulanso nyimbo zomwezo pamalo omwewo. Zojambula zinayizo ndizipereka kwa mnzanga woimba kuti azimvetsere osadziwa kuti iyi ndi koni iti.